Msilikali Akabwerera Kumudzi

Pa 11 Novembala Eklezia akumbukira Martin Woyera, Episkopi wa ku Tours, amene adayamba wakhala msilikali wa Aroma asanakhale mtumiki wa Mulungu. Tsiku lomwelo maiko ambiri akumbukira kuti pa 11 Novembala 1918 mfuti za nkhondo yaikulu yoyamba zidaleka kulira ku Ulaya. Kwathu kuno, Lamulungu lachiwiri la mwezi umenewu akuluakulu a dziko asonkhana pa zipilala za chikumbutso ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, naika nkhata za maluwa polemekeza amene adafera kunkhondo. Nkwabwino kutero. Koma akufa safuna nsima, safuna sopo, safunanso fizi ya mwana. Phunziro lathu lino likunena za amoyo, ndiwo amene adapita, natumikira, nabwerako, ndipo tsopano ali pakati pathu kufunafuna ntchito, kapena kuyesetsa kusunga ntchito imene adaipeza movutikira. Mutu wake ndi uwu: kubwerera kumudzi ndi nkhondo yachiwiri ya msilikali, ndipo nkhondo imeneyi sangaipambane yekha.

1. Nkhaniyi si yachilendo kwathu

Gulu la King's African Rifles, limene makolo athu ankalitcha Keyala, lidakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba adali a dziko lino. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, Nyasaland idapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Ambiri mwa amtengatengawo adabwera kumudzi ndi mapewa otupa, m'manja muli kangachepe chabe.

Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 amuna a kuno oposa 25,000 adalembedwa usilikali, nakamenya nkhondo ku Somaliland, ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma. Nthawi imeneyi ambiri adaphunzira zinthu zatsopano: ena kuyendetsa malole, ena kukonza injini, ena kutumiza mauthenga pa wayilesi, ena kumanga mabala, enanso kuwerenga ndi kulemba kumene. Adabwerako mu 1945 ndi 1946 ali ndi chiyembekezo chachikulu. Koma dziko limene adalipeza lidali la tiyi, fodya ndi thonje. Mafakitale adali owerengeka, ndipo madalaivala adachuluka kopambana magalimoto. Ngakhale ndalama zowathokozera sizidali zolingana. Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani adaziulula mu 2019 zidaonetsa kuti msilikali wamba wachizungu ankalandira mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene mnzake wakuda wa udindo womwewo ankalandira mashilingi atatu ndi theka. Ena adagula njinga kapena makina osokera, ena adatsegula timasitolo. Koma ambiri adamanganso katundu wao napita ku Salisbury, ku Bulawayo, kapena ku migodi ya ku Joni kudzera mwa Wenela. Midzi ya kuno ku Ntcheu idziwa bwino za machona, amene ana ao adakula osadziwa nkhope za atate ao.

Ufulu wa 1964 sudathetse vutoli. Kuyambira 1987 asilikali athu adalondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Mu Disembala 1993 gulu la Malawi Young Pioneers lidalandidwa zida, nkutha pambuyo pake, ndipo amene adali m'menemo adakhala zaka zopitirira 20 akupempha ndalama zao zopumira. Kuyambira 2013 asilikali athu adatumikira m'gulu lapadera la United Nations kum'mawa kwa Congo. Kumeneko mu Novembala 2018 adafa Chancy Chitete pamene ankapulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene adavulala, ndipo mu 2019 United Nations idamlemekeza ndi mendulo ya kulimba mtima. Anzake amene adaona zimenezo ndi maso ao adabwerako, ndipo tsiku lina aliyense wa iwo adzavula yunifomu.

Ife a ku Ntcheu tili ndi chitsanzo china pafupi, pakuti pa Lizulu ndi msewu wokha umene utilekanitsa ndi abale athu a ku Mozambique. Pangano la mtendere la dziko lao lidasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo mwa amkhalapakati mudali Akhristu a gulu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Asilikali pafupifupi 90,000 a mbali zonse ziwiri adatsitsidwa, napatsidwa makasu, mbeu ndi kandalama ka mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri. Mu 1995 mipingo ya kumeneko, motsogozedwa ndi Episkopi Dinis Sengulane wa Anglican, idayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Adazindikira kuti dzanja limene lalandidwa mfuti liyenera kupatsidwa chida china, chifukwa dzanja lopanda kanthu silikhala phee nthawi yaitali.

2. Chifukwa ninji ntchito ivuta kupeza?

Choyamba ndi luso lopanda chikalata. Munthu angathe kukhala atakonza malole a nkhondo zaka zambiri, koma mwini galaja afunsa setifiketi ya sukulu ya ntchito zamanja. Chimene mutu ndi manja zidziwa, pepala silinena.

Chachiwiri ndi msinkhu. Mnyamata alowa usilikali atangotuluka sukulu, natuluka imvi zitayamba, ana ali ku sekondale, mphamvu zikadalipo. Pa khomo la ofesi apeza anyamata ambirimbiri a masetifiketi atsopano, nawonso ali pa ulova. M'dziko lathu ntchito zolembedwa ndi zochepa kwa aliyense, kotero wamkulu msinkhu aima kumbuyo kwa mzere.

Chachitatu ndi mantha a olemba ntchito. Alipo amene ati msilikali ngwaukali, sangauzidwe zochita, kapena kuti adziwa mfuti yokha basi. Chifukwa cha maganizo otere khomo limene limtsegukira msanga ndi limodzi lokha, la ulonda. Ulonda si ntchito yonyozeka, pakuti palibe ntchito yoona imene ili yonyozeka. Koma taganizani munthu amene adadziwa kusunga kaundula wa katundu wambiri, kapena kusamalira odwala, kapena kutsogolera anzake makumi atatu, alikugona pakhonde la sitolo m'chisanu cha mwezi wa Juni, ndipo malipiro ake safika pa thumba la feteleza. Dziko litaya zimene lidamphunzitsa ndi ndalama zake zomwe.

Chachinayi ndi munda. Kwathu kuno ambiri atsata chikamwini. Mwamuna amene wakhala zaka zambiri ku Zomba kapena ku Lilongwe, akabwera kwao apeza minda ili m'manja mwa alongo ake ndi ana ao. Akapita kwa mkazi wake ali mkamwini amene mudzi sumdziwa, ndipo munda umene akadalima udabwerekedwa kale kwa wina. Timuuza kuti chuma chili m'nthaka, koma nthakayo sitimpatsa.

Chachisanu ndi ndalama zopumira. Zifika nthawi imodzi, ndipo mbiri yake ifika kumudzi mwini wake asanafike. Wina apempha malata, wina fizi, wina ngongole imene sadzabweza. Zotsalazo agulira minibasi yakale kapena chigayo, osafunsa amene adziwa za malonda amenewo. Paja akulu adati safunsa adadya phula. Pakutha zaka ziwiri minibasi ili pamiyala, ndipo abale aja aleka kubwera.

3. Chifukwa ninji ntchito ivuta kusunga?

Tsiku lina nditatha Misa ku tchalitchi china cha kumudzi, bambo wina wachikulire adandipempha kuti ticheze pakhonde, ndipo adandilola kufotokoza nkhani yake popanda dzina. Adatumikira zaka zoposa 20, natuluka ali sajeni. Pa zaka zinayi adachotsedwa ntchito katatu. Ntchito yachitatu idatha chifukwa mwana wa mwini sitolo, mnyamata wa msinkhu wa mwana wake wachisamba, adamuitana ndi likhweru pamaso pa anthu, iye nkumuyankha ndi mau a pa perete. Adati kwa ine: "Abambo, kunkhondo ndinkadziwa mdani ali kuti. Kuno sindidziwa amene andilamula, sindidziwa tsiku lolandira, sindidziwanso chimene ndalakwa." Mau amenewa aonetsa zovuta zinayi.

Poyamba, kumalo a asilikali lipenga linena nthawi yodzuka ndi nthawi yogona. Nyumba, chakudya ndi chipatala zili pomwepo. Lamulo lili poyera ndipo aliyense adziwa malo ake. Kunja kuno bwana anena china m'mawa, china madzulo, malipiro achedwa, ndipo munthu ayenera kudzilamulira yekha. Amene adazolowera dongosolo aona ngati waponyedwa m'madzi.

Kachiwiri, pali nkhani ya ulemu. Nyota za paphewa zitsala pa yunifomu. Amene dzulo anthu ankaimirira iye akalowa, lero atumidwa kukagula ndiwo. Kudzichepetsa kotere nkowawa, ndipo ambiri asiya ntchito osati chifukwa cha ulesi koma chifukwa cha manyazi.

Kachitatu, pali mabala osaoneka ndi maso. Amene adaona mnzake akufa pambali pake nthawi zina sagona tulo, alota zoopsa, adzidzimuka chitseko chikamenyetseka, apsa mtima pa kanthu kakang'ono. Madokotala adziwa kuti amenewa ndi matenda, ndipo chithandizo chake chilipo. Si ufiti, si mizimu yoipa, sikuchepa kwa chikhulupiriro. Munthu amene sadagone usiku achedwa kuntchito m'mawa, ndipo bwana aona kuchedwako kokha, osaona chimene chachititsa. Chithandizo chiyambira pa chipatala cha boma. Chipezekanso ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndiponso kwa Abulazala a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Tisaiwale kuti Woyera amene adayambitsa chipani chimenechi nayenso adali msilikali, amene atatuluka usilikali adayendayenda, nakhala mbusa wa nkhosa, wantchito wonyamula miyala ndi wogulitsa mabuku, asanapeze njira yake ku Granada.

Kachinayi, pali kusungulumwa. Msilikali adazolowera kudya, kugona ndi kuvutika pamodzi ndi anzake. Kumudzi palibe amene amvetsa nkhani zake. Malo amodzi okha amlandira tsiku lililonse osamfunsa setifiketi, ndiwo a kachasu. Mowa ukalowa, ntchito ituluka, ndipo mkazi ndi ana ndiwo alipira.

4. Chitsanzo cha Camillus Woyera

Camillus de Lellis adabadwa ku Italy mu 1550. Ali mnyamata adatsata atate ake ku usilikali, namenya nkhondo zingapo. Adali wamtali, waukali, wokonda njuga, ndipo adali ndi chilonda pamwendo chimene sichidapole moyo wake wonse. Adapita ku chipatala cha San Giacomo ku Roma kukachiritsidwa, napatsidwa ntchito komweko, koma adachotsedwa chifukwa cha ndeu ndi njuga. Mu 1574, atatuluka usilikali, adaluza zonse pa njuga, mpaka adaima pakhomo la tchalitchi ku Manfredonia akupemphetsa. Munthu wina wachifundo adamuona, ndipo m'malo mongomponyera kandalama adamuuza kuti pa nyumba ya Akapuchini pali ntchito yomanga. Camillus adapita, nayamba kututa miyala ndi abulu. Ali pa ntchito yomweyo, mu Febuluwale 1575, adatembenuka mtima. Adabwerera ku San Giacomo, ndipo chipatala chimene chidamchotsa chija chidamuika kukhala woyang'anira. Adadzozedwa unsembe mu 1584, nayambitsa chipani chosamalira odwala, namwalira mu 1614. Lero Eklezia amtchula nkhoswe ya odwala, ya anamwino ndi ya zipatala.

Taonani dongosolo lake. Ntchito idayamba, kutembenuka mtima kudatsata. Munthu wa ku Manfredonia uja sadadikire kuti Camillus ayambe wasanduka woyera ndipo kenaka amuthandize. Chaulere cha Mulungu chidadzera pa ganyu wotuta miyala. Ngakhale Martin Woyera, atatula zida, adapita kwa Episkopi Hilary wa ku Poitiers, amene adamlandira nampatsa udindo mu Eklezia. Ngati oyera adasowa wowalandira, nanji mbale wathu wa m'mudzi muno?

5. Eklezia aphunzitsa chiyani?

Malembo Oyera sanyoza msilikali. Pamene asilikali adafunsa Yohane Mbatizi chimene ayenera kuchita, iye sadawathamangitse, koma adawaletsa kulanda za anthu ndi kunamizira osalakwa, nawalangiza kuti malipiro ao awakwanire (Luka 3:14). Ambuye Yezu adayamikira chikhulupiriro cha mkulu wa asilikali wa ku Kapernao (Mateyo 8:5-13), ndipo mau a munthu ameneyo ndiwo tiwabwereza pa Misa iliyonse tisanalandire Ukaristia. Petro Woyera adabatiza Kornelio, mkulu wa asilikali, pamodzi ndi a m'nyumba mwake (Ntchito 10). M'fanizo la antchito a m'munda wa mpesa, amene adatsala pamsika mpaka madzulo sadali aulesi: adatsala chifukwa panalibe wowalemba (Mateyo 20:1-16).

Za malipiro, chilamulo cha Mose chilamula kuti waganyu wosauka alipidwe dzuwa lisanalowe (Deuteronomo 24:14-15), ndipo Yakobo Woyera achenjeza kuti malipiro omanidwa afuula kwa Mulungu (Yakobo 5:4). Nchifukwa chake katekisimu aika kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo aakulu amene aitana chilango cha kumwamba. Papa Leo XIII mu kalata yake Rerum Novarum ya 1891 adaphunzitsa kuti malipiro sakhala olungama chabe chifukwa wantchito wavomera, pakuti wanjala avomera chilichonse. Ayenera kukwanira kuti munthu akhale moyo woyenera. Papa Yohane Paulo II mu Laborem Exercens ya 1981 adaonjeza kuti ntchito ilipo chifukwa cha munthu, osati munthu chifukwa cha ntchito. Tsono Mkhristu amene alipira mlonda wake pang'ono kuposa zimene lamulo la boma linena, kapena amsungira malipiro miyezi iwiri, asanene kuti amthandiza. Ameneyo aphwanya lamulo lachisanu ndi chiwiri, ndipo tchimolo ayenera kulitchula polapa ndi kubweza zimene adamana.

6. Tichite chiyani tsono?

Kwa inu olemba ntchito: musanampatse chibonga ndi tochi, mufunseni chimene adziwa kuchita. Muuzeni momveka ntchito yake, maola ake ndi tsiku lolandira, ndipo sungani mau anu. Akalakwa mdzudzuleni pambali, osati pamaso pa ana. Ambiri mwa anthu amenewa asunga nthawi, asamala katundu, ndipo sathawa ntchito ikavuta. Maparishi athu, masukulu ndi zipatala za misyoni tiyambe ndife kutero.

Kwa inu abale ndi a mfumu: ndalama zopumira si maliro oti mudzi wonse udyepo. Ndi mbeu ya zaka zonse zimene zamtsalira. Nkhani ya munda ikambidwe pamaso pa ankhoswe ndi anyakwawa munthuyo asanapume, kuti pobwera adziwe poyika khasu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati: dziwani ndani m'dera lanu adatumikirapo, kaya ku Keyala, kaya ku Nacala, kaya ku Congo, ndiponso amasiye ao. Ayendereni. Mverani nkhani zao, koma musawakakamize kunena zimene safuna. Apatseni udindo weniweni: kuyang'anira ntchito yomanga tchalitchi, kusunga kaundula, kuphunzitsa achinyamata kukonza njinga zamoto. Mukaona wina sagona tulo kapena wagwa m'mowa, mperekezeni kuchipatala mwaulemu, ndipo ngati pabanja pali nkhanza, tetezani mkazi ndi ana msanga, pakuti chifundo kwa bambo sichitanthauza kusiya mayi m'zowawa. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu amene mukadali pa usilikali: konzekerani tsiku lotuluka zaka zisanakwane. Luso limene muli nalo likhale ndi chikalata. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, ndilo liyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Musaleke kuonekera kumudzi pa tchuthi, pa maliro ndi pa nthawi yolima, kuti mudzi usakuiwaleni.

Kwa inu amene mudapuma: dziwanani ndi anzanu kudzera m'bungwe la asilikali opuma la VELOM. Ngati mufuna kulima kachewere kapena kabichi wa pamsika wa Tsangano ndi Lizulu, yambani pang'ono, ndipo musachite manyazi kuphunzira kwa mlimi amene sadafike Sitandade 8. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mudaphunzira kumvera ofisala chifukwa cha lamulo; tsopano phunzirani kupirira chifukwa cha Khristu, amene adagwira ntchito ya ukalipentala ku Nazareti zaka zambiri popanda wina womuimbira lipenga.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Tchulani zinthu zisanu zimene zivutitsa msilikali wopuma kupeza ntchito. Ndi ziti zimene zioneka m'mudzi mwathu?
2. Kodi munthu wa ku Manfredonia adamchitira chiyani Camillus, ndipo chisiyana bwanji ndi kupereka kandalama chabe?
3. Chifukwa ninji kuvomera kwa wantchito sikukwanira kuti malipiro akhale olungama?
4. Kodi pa mphakati wathu alipo amene adatumikirapo usilikali, kapena wamasiye wake? Adzamuyendera ndani, ndipo liti?

Funso lachinayilo musalisiye lopanda yankho, ndipo mlembi alembe dzina la wopitayo ndi tsiku lake. Pa Misa ya Lamulungu la chikumbutso tidzapempherera akufa kuti Mulungu awapatse mpumulo wosatha. Tipempherenso amoyo kuti apeze ntchito yowayenera ndi anthu owalandira. Martin Woyera ndi Camillus Woyera, mutipempherere ife.